Mbiri ya Zida Zolambulira ndi Kututa Tchire ku North America

Ntchito yosandutsa tchire kukhala munda kapena msipu imayamba ndi kugwetsa mitengo, koma mbiri ya ulimi wa ku North America ikusonyeza kuti kugwetsako kunali gawo lopepuka, pamene gawo limene linkadya zaka ndi mphamvu za mabanja linali kuzula zitsa ndiponso kuchotsa nthambi, mizu ndi zitsamba zopiringizana popanda kutengera limodzi dothi lachonde la pamwamba. Zida zimene mlimi wa ku United States kapena ku Canada amamangirira masiku ano kumikono ya kutsogolo kwa thirakitala yake zinabwera pang'onopang'ono pofuna kuthana ndi vuto limeneli, ndipo kapangidwe ka chida chilichonse kamamveka bwino munthu akadziwa cholakwika chimene chidacho chinabwera kudzakonza.

Azungu oyamba kuswa mphanje m'nkhalango za kum'mawa kwa North America anali ndi nkhwangwa, ng'ombe zapagoli ndi moto basi. Ambiri anatengera njira ya eni nthaka yosenda khungwa kuzungulira thunthu kuti mtengo uume uli chiimire, n'kumabzala chimanga pansi pa nthambi zopanda masamba, pamene ena ankagwetsa mitengo yonse nthawi imodzi, kuisiya kuti iume, kenako kuitana anansi kudzathandiza kugubuduza zipika ndi kuziunjika milumilu yoti itenthedwe. Moto ndiwo unali njira yokhayo yochotsera katundu wochuluka chotere, popeza panalibe chonyamulira. Phulusa nalo linali malonda, chifukwa ankalisungunula ndi madzi n'kuwiritsa madziwo mpaka kutsala mchere wotchedwa potash, umene unkafunika popanga sopo ndi magalasi, ndipo kwa mabanja ambiri ndalama zoyamba za pamunda watsopano zinkachokera m'phulusali. Kufunika kwa malondawa kumaonekera poti chiphaso choyamba cha umwini wa luso chimene boma la United States linapereka, mu 1790, chinapita kwa Samuel Hopkins chifukwa cha njira yake yopangira potash.

Zitsa zinkatsala m'munda, ndipo kutalika kwa nthawi imene zinkatenga kuti ziole kunkadalira mtundu wa mtengo. Za mitengo ina zinkafumbwa m'zaka zochepa mpaka kuzulidwa ndi ng'ombe, koma za paini woyera zinkakhala zaka makumi angapo zisanagonje, moti alimi ena ankazizula n'kuzindanda m'malire mwa munda ngati mpanda. Vutoli linakula kwambiri m'zigawo za kumpoto kwa Michigan, Wisconsin ndi Minnesota, kumene makampani a matabwa anadula nkhalango za paini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 n'kusiya malo aakulu odzaza zitsa ndi nthambi zouma, amene kenako anagulitsidwa kwa anthu ofuna minda, ambiri a iwo obwera kumene kuchokera ku Ulaya. Nthambi zosiyidwa mbwee ndi moto wolambulira minda zinabala ngozi zoopsa: moto wa ku Peshtigo, ku Wisconsin, pa 8 Okutobala 1871, unapha anthu oposa 1,200, ndipo wa ku Hinckley, ku Minnesota, mu 1894, unapha oposa 400. Kuyambira pamenepo, funso la kumene nthambi zodulidwa ziyenera kupita linasiya kukhala nkhani ya mlimi mmodzi n'kukhala nkhani ya chitetezo cha midzi yathunthu.

Pofuna kugonjetsa zitsa, alimi anagwiritsa ntchito makina ozulira oyendetsedwa ndi akavalo, amene ankakulunga chingwe chachitsulo pamgolo wozungulira mpaka chitsa chitatuluka, kenako anatembenukira ku dainamaiti, yemwe Alfred Nobel anamulembetsa mu 1867. Mu 1916 sukulu ya zaulimi ya University of Wisconsin inayendetsa sitima yapamtunda m'madera a zitsawo, yonyamula makina ndi alangizi oonetsa alimi kaphulitsidwe ndi kazulidwe koyenera, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha boma linagawira alimi motchipa zophulitsira zotsala kunkhondo, zina mwa izo zotchedwa pyrotol. Ngakhale zinali choncho, minda yambiri ya m'maderawa inalephera chifukwa nthaka inali yamchenga kapena yamiyala ndipo nyengo yolima inali yaifupi, kotero kuti malo ochuluka analandidwa ndi maboma aang'ono eni ake atalephera kukhoma msonkho, n'kubwezeretsedwa kukhala nkhalango.

Thirakitala itafika siinathetse msanga vuto la tchire, chifukwa inapangidwa kuti izikoka zinthu kumbuyo kwake monga ankachitira akavalo. John Froelich anapanga thirakitala yoyendera petulo ku Iowa mu 1892, ndipo Fordson ya Henry Ford, imene inatuluka mu 1917, inafikitsa makinawa kwa alimi wamba, koma inatchuka ndi khalidwe loopsa lodzuka kutsogolo n'kugwa chagada pamene pulawo yakodwa pamuzu kapena pamwala. Mlimi womangirira tcheni pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo kuti azule chitsa ankaitana ngozi yomweyo. Harry Ferguson wa ku Ireland anachepetsa vutoli ndi cholumikizira cha nsonga zitatu, chimene chimagwira chida ndi mikono iwiri pansi ndi umodzi pamwamba n'kuchikweza ndi mphamvu ya haidiroliki, kutanthauza mafuta okankhidwa ndi pampu m'mapaipi kuti asunthe pisitoni. Atagwirizana ndi Ford mu 1938, luso lake linatuluka pa thirakitala ya Ford 9N mu 1939, ndipo kuyambira pamenepo mathirakitala ang'onoang'ono anayamba kukhala ndi pampu yawoyawo, chinthu chimene mikono yonyamulira inadzadalira pambuyo pake.

Ntchito yaikulu yolambula inagwera makina a mtundu wina, oyenda pamatcheni m'malo mwa matayala. Benjamin Holt anayesa makina otere ku Stockton, ku California, mu 1904, ndipo kampani yake itaphatikizana ndi ya C. L. Best mu 1925 panabadwa Caterpillar. Makatapila okhala ndi chitsulo chokankhira kutsogolo anafala kwambiri pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene makina otsala kunkhondo ndi anthu odziwa kuwayendetsa anali ochuluka, ndipo tchire limene banja linkalimbana nalo zaka zambiri linkatha m'masiku ochepa. Koma chitsulo chosabooka chimakankha chilichonse chimene chakumana nacho, choncho milu ya mitengo inkadzaza dothi la pamwamba, inkakana kupsa, inkafuka utsi kwa masabata, ndipo inkatsala m'mphepete mwa minda ngati mizere ya zinyalala yomera zitsamba zatsopano, munda weniweniwo utasanduka nthaka yapansi yogangatika ndi yosabereka. Yankho la amisiri linali kusintha chitsulocho ndi mano aatali otalikirana, amene amapesa mizu ndi nthambi n'kulola dothi kudutsa pakati. Chipeso cha mizu chimenechi, chomwe makampani monga Fleco ya ku Florida anatchuka nacho, ndicho kholo la zida zambiri zimene zimaoneka lero kutsogolo kwa mathirakitala ang'onoang'ono.

Kumwera chakumadzulo kwa United States vuto linali losiyana, popeza kumeneko tchire ndilo linkalowerera malo amene kale anali a udzu. Ng'ombe zitachuluka m'zaka za m'ma 1800, zinadya udzu umene unkanyamula moto wolusa wopha timitengo tating'ono, zinamwaza mbewu za mtengo waminga wotchedwa mesquite kudzera m'ndowe, ndipo eni malo anayamba kuzimitsa moto uliwonse, kotero kuti madambo a ku Texas anasanduka zitsamba zothinana. Mtengo umenewu ukadulidwa pamwamba umaphukanso kuchokera pamaso obisika m'munsi mwa thunthu, pansi pa nthaka, n'kutuluka ndi mphukira zambiri m'malo mwa thunthu limodzi. Pa famu ya King Ranch, m'zaka za m'ma 1930, anapanga pulawo ya mizu, chimpeni chachikulu chokokedwa pansi pa nthaka kuti chidule mtengo m'munsi mwa masowo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha panabweranso njira yokoka tcheni cha nangula wa sitima yapamadzi pakati pa makatapila awiri, imene inagwetsa mitengo pa malo aakulu motchipa, komanso mankhwala opopera kuchokera m'ndege monga 2,4,5-T, amene boma la United States linadzawaletseratu mu 1985. Njira zonsezi zinkapereka msipu kwa zaka zingapo, kenako tchire linkabwerera, chifukwa zimene zinalibweretsa poyamba zinali zisanasinthe.

Njira za makina aakuluzi zinafikanso mu Africa, ndipo zotsatira zake zinaphunzitsa zambiri. Mu 1947 boma la Britain linayambitsa ntchito yolima mtedza ku Tanganyika pa malo oposa maekala 3 miliyoni, ndipo ku Kongwa anagwiritsa ntchito makatapila akale, akasinja ankhondo a Sherman osinthidwa kukhala mathirakitala otchedwa Shervick, ndi matcheni a nangula. Mitengo inagwa, koma mizu yolimba m'nthaka youma gwa inathyola zida, mvula inali yochepa, ndipo ntchitoyi inathetsedwa mu 1951 itawononga mapaundi 36 miliyoni. Pamene damu la Kariba linkamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, mbali zina za chigwa cha Zambezi, chimene anthu achitonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwamo, zinalambulidwa ndi makatapila okoka matcheni olumikizidwa ku mipira ikuluikulu yachitsulo, njira imene inagwiritsidwapo ntchito pa damu la Hungry Horse ku Montana, pofuna kuti maukonde a asodzi asadzakodwe m'mitengo yomira. Pambuyo pake kafukufuku wa Rattan Lal ku International Institute of Tropical Agriculture, ku Ibadan m'dziko la Nigeria, anasonyeza kuti malo olambulidwa ndi makina okankha mitengo ndi kupesa mizu amakokoloka kwambiri kuposa olambulidwa ndi chimpeni chometa mitengo pamwamba pa nthaka, ndipo kuti olambulidwa pamanja ndiwo amataya dothi lochepa koposa. Ngakhale chipeso cha mizu, chimene chinabwera kudzateteza dothi, chimawononga ngati chalowetsedwa mozama pa nthaka yotsetsereka ya kumadera a mvula yamkuntho.

Mikono yonyamulira ya kutsogolo kwa thirakitala inachokera kwina, kukhola ndi kumunda wa udzu, kumene alimi ankafuna chopepukitsa ntchito yokweza manyowa m'ngolo ndi kuunjika udzu wouma wa ziweto. Yoyambirira inkakwezedwa ndi zingwe, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ya haidiroliki inayamba kupangidwa m'maiko angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo ya Joseph Cyril Bamford ku England, mwini kampani ya JCB, ndi ya Karl-Ragnar Åström kumpoto kwa Sweden, imene inabala kampani ya Ålö ndi dzina la Quicke. Mikono ya nthawiyo inkangokweza ndi kutsitsa, ndipo chidebe chake chinkakhuthula katundu woyendetsa akakoka chingwe chomasula loko. Kuwonjezera apo, thirakitala yokoka ndi matayala akumbuyo okha inkapepukidwa kumbuyoko ikanyamula katundu kutsogolo, n'kumaterereka, pamene chiwongolero chinkauma chifukwa cha kulemera. Zinatengera masilinda okankha mbali zonse ziwiri, chiwongolero chothandizidwa ndi haidiroliki, ndi mathirakitala ang'onoang'ono a dizilo okoka ndi matayala onse anayi, amene makampani a ku Japan monga Kubota anafalitsa ku America atalowa pamsikawo mu 1969, kuti mikonoyi ikhale yodalirika m'tchire.

Kusintha kumene kunachulukitsa zida kunachokera m'khola la nkhukundembo. Mu 1957 abale awiri, Cyril ndi Louis Keller, amisiri a zitsulo a ku Rothsay, ku Minnesota, anapanga kamakina ka matayala atatu kotha kutembenuka pamalo opanikizika kuti kazichotsa zitosi, ndipo kampani ya Melroe ya ku Gwinner, ku North Dakota, inagula luso lawo mu 1958, inatulutsa makina a matayala anayi mu 1960, n'kuwatcha Bobcat mu 1962. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampaniyi inabweretsa Bob-Tach, chimbale chachitsulo chimene chimakola chida ndi mlomo wa pamwamba n'kuchitseka ndi mapini awiri pansi, moti munthu mmodzi amatha kusintha chida m'kanthawi kochepa popanda kukhoma mapini ndi hamala. Umwini wa lusoli utatha, makampani ena analitengera mpaka linakhala muyezo wa dziko lonse la United States, ndipo opanga mathirakitala ambiri analiika pamikono yawo, ngakhale kuti John Deere inasunga cholumikizira chakechake pa mathirakitala ake ang'onoang'ono ndipo ku Ulaya kunafala china cha mbedza chotchedwa Euro. Muyezo umodziwu unatsegulira mwayi amisiri ang'onoang'ono owotcherera zitsulo, amene tsopano akanatha kupanga chida chimodzi chokwana pa makina a makampani ambiri, ndipo mitundu ya zida inachuluka mofulumira.

Mlimi wofuna kututa tchire ankayamba ndi chidebe chimene chinabwera ndi thirakitala, koma chidebe chinapangidwira zinthu zoyoleka monga mchenga ndi manyowa, ndipo nthambi zimene ndi zazitali, zopepuka ndi zogwirana zimangogwa m'mbali kapena kutsetserekera kumbuyo molunjika kwa woyendetsa. Ena ankamangirira mano kumlomo wa chidebe kuti azikumbira timizu, ena ankagwiritsa ntchito mafoloko onyamulira katundu wa pamathabwa, amene amalowa bwino pansi pa mulu ndi pansi pa zipika koma alibe chogwirira. Chida chimene chinakwaniritsa ntchitoyi ndi grapple, chomwe chili ndi mano pansi ndi chibwano chapamwamba chotsekedwa ndi silinda, ndipo chinatengera zinthu ziwiri zakale, mano otalikirana a chipeso cha mizu ndi zikhadabo zonyamulira zipika za odula mitengo. Mitundu yake iwiri ikuluikulu imasiyana potengera ntchito. Wina uli ndi mano aatali ogona pansi, amene amasenza zipika, miyala ndi milu yokonzedwa kale. Wina uli ndi mano aafupi opindika, oimirira, amene amapesa nthaka chamtsogolo kapena chobwerera m'mbuyo, kukulunga zitsamba kukhala mpukutu, n'kuzikumbatira pakamwa potseguka kwambiri. Chibwano chogawika pawiri chimagwira bwino katundu wosafanana kukula, monga mtengo wokhala ndi chitsa mbali imodzi, pamene chibwano chimodzi n'chopepuka ndi chotchipa.

Kulemera kwa chida ndiko kumene ogula ambiri amakunyalanyaza, chikhalirecho ndiko kumalamulira zonse. Zida zoyambirira za mtunduwu zinapangidwira makina a Bobcat ndi anzake, amene ndi olemera ndi amphamvu, ndipo zikamangiriridwa ku thirakitala yaing'ono zinkadya gawo lalikulu la mphamvu yake: mikono yotha kukweza makilogalamu 500 ikapatsidwa chida cha makilogalamu 200 imatsala ndi 300 okha, ndipo ngakhale amenewo amachepa katundu akakhala patali ndi mapini, kumene opanga makina amayezera mphamvuyo. N'chifukwa chake opanga zida anayamba kugwiritsa ntchito chitsulo cholimba koma chopyapyala ndi kuchepetsa m'lifupi mwa chida, atazindikira kuti nthambi zimagwirana zokha ndipo chida chopapatiza chimanyamula mulu wotambalala kuposa icho, chimadutsa pakati pa mitengo yosiyidwa, komanso chimasonkhanitsa mphamvu pamalo amodzi pozula muzu. Chibwano chimafunanso njira yachitatu ya mafuta, kuwonjezera pa yokwezera mikono ndi yopendekera chida, choncho thirakitala imaikidwa valavu ina yoyendetsedwa ndi batani la pachogwirira, kapena mapaipi amakokedwa kuchokera kuzolumikizira za kumbuyo.

Mikono ya thirakitala inapangidwa kuti izikweza, ndipo amene amaiyesa katapila amaipinda, makamaka akakankha chitsa ndi ngodya imodzi ya chida. Katundu wokwezedwa m'mwamba amasunthira kulemera kwa makina kutsogolo ndi kumwamba, pa ekiselo imene imapendekeka pakati, moti dzenje la chitsa kapena malo otsetsereka pang'ono akhoza kugubuduza thirakitala, ndipo ichi ndi chifukwa chake alimi amadzaza madzi m'matayala akumbuyo, amapachika cholemera pa cholumikizira cha nsonga zitatu, n'kumayenda katundu ali pafupi ndi nthaka. Dziko la Sweden linalamula mu 1959 kuti mathirakitala atsopano akhale ndi chitsulo choteteza woyendetsa makina akagubuduka, ndipo imfa za mtundu umenewu zinatsika kwambiri, pamene ku United States lamulo lofanana linayamba mu 1976 kwa mathirakitala oyendetsedwa ndi antchito, ndipo opanga makina anayamba kuika chitsulocho pa mathirakitala onse atsopano mu 1985. Tchire lili ndi zoopsa zakezake: ndodo zimaboola radiyeta, zimazula mapaipi ndi mawaya a pansi pa injini, ndipo kamtengo kopindidwa kakamasuka kamakwapula woyendetsa, zimene zinachititsa kuti zitsulo zotchinga kutsogolo ndi kunsi zikhale mbali ya zida za ntchitoyi.

Pambali pa njira yotuta panakula njira ina yophwanyira tchire pomwepo. Mu 1951 ku Selma, ku Alabama, kunayamba kupangidwa chotchetchera cha Bush Hog, chokhala ndi mipeni yolemera yozungulira chogona imene imabwerera ikagunda chitsa, ndipo chimayendetsedwa ndi shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala. Chinathandiza eni msipu kupha timitengo tisanakule. M'zaka zaposachedwapa kwafala makina ogaya mitengo ili chiimire ndi mgolo wa mano olimba, n'kusiya tizidutswa ta mitengo tophimba nthaka, motero palibe mulu wotentha kapena dothi lofukulidwa, ndipo njirayi yakondedwa kumene malamulo a utsi ndi mantha a moto wolusa aletsa kutentha. Makinawa amafuna mafuta ochuluka ndi othamanga kuposa amene pampu ya thirakitala wamba ingapereke, choncho nthawi zambiri amakhala pa makina apadera a makontirakitala, mlimi n'kutsala ndi chotchetchera kumbuyo ndi grapple kutsogolo.

Kusankha pakati pa zida zonsezi kumatsatira mtundu wa mtengo umene walowerera malo. M'madambo a ku Oklahoma, Kansas ndi Nebraska, mkungudza wotchedwa eastern redcedar wafalikira chifukwa cha kutha kwa moto, koma suphukanso ukadulidwa m'munsi mwa nthambi yake yotsikitsitsa, choncho sizasi yaikulu ya haidiroliki kapena sowo yozungulira yomangirira kumikono imakwanira, ndipo eni msipu ambiri ayambiranso kutentha udzu mwadongosolo kuti timitengo tatsopano tife tidakali tating'ono. Ku Texas, kumene mesquite amaphuka pansi, kudula kotereku kumachulukitsa mphukira, ndipo pamafunika chida chofinya thunthu n'kulizula ndi maso ake, kapena mankhwala opaka pachitsa chikangodulidwa, grapple n'kubwera pambuyo kudzakutumula dothi la kumizu ndi kuunjika mitengoyo kuti iume.